Kenji Ekuan: wansembe wa Chibuda amene dzina lake linakakamira pa njinga ya VMAX

Pamene a Kenji Ekuan, katswiri wa ku Japan wokonza maonekedwe a katundu wa m'fakitale, anamwalira mumzinda wa Tokyo pa 8 February 2015, ali ndi zaka 85, nyuzipepala zambiri za m'maiko osiyanasiyana zinaika pamwamba pa uthenga wa malirowo chithunzi cha kabotolo kagalasi ka chivindikiro chofiira. Ndi kabotolo ka msuzi wa soya ka kampani ya Kikkoman, kamene iwo anakonza maonekedwe ake ndipo kakhala pa matebulo odyera kuyambira 1961 osasintha maonekedwe. Anthu okonda njinga zamoto anakhuza malirowo mwanjira yawoyawo, pakuti chimene iwo ankaonetsana chinali chithunzi cha Yamaha VMAX, chinjinga cholemera ndi chaukali, chomwa petulo ngati munthu wochokera kumunda m'mwezi wa October, chimene chinatuluka mu 1985 ndipo mpaka lero chili ndi magulu a ochikonda ku America, ku Ulaya ndi ku Japan komweko. Nkhani za imfayo zinkatchula kabotoloko ndi njingayo pamodzi ngati ana a mimba imodzi, ndipo kuyambira pamenepo ambiri mwa okwera njinga zamoto amangoti a Ekuan ndiwo anapanga VMAX.

Mawu amenewa ali ndi choonadi, koma si chonse, ndipo pamene pali mpata pakati pa zimene anthu amanena ndi zimene zinachitikadi ndi pomwe pagona nkhani. Kuti timvetse chimene mkuluyu anasiyira okonda njinga zamoto, tiyenera kuyamba tadziwa kuti ntchito yake inali yotani, chifukwa ndi ntchito imene ilibe dzina lokhazikika m'Chichewa ngakhale kuti zotsatira zake timazigwira ndi manja tsiku lililonse.

Katundu aliyense wa m'fakitale, kaya ndi ketulo, wailesi, mpando wa m'basi kapena njinga yamoto, amadutsa m'manja mwa akatswiri a mitundu iwiri asanafike kwa wogula. Injiniya ndiye amaonetsetsa kuti chinthucho chikugwira ntchito: amawerengera kukula kwa silinda, kulimba kwa fulemu, kutentha kumene chitsulo chingapirire ndi mtengo wopangira. Katswiri wa dizayini amayang'ana pamene chinthucho chimakumana ndi munthu. Iye amafunsa kuti mawondo a wokwera akagwira thanki adzamva bwanji, msana udzawerama motani akatambasula manja kukagwira mahandulo, maso adzayamba kugwa pati munthu akaiona njingayo itaima, ndiponso ngati wogula adzaizindikire ili patali kuti ndi ya kampani yakuti. Ntchitoyi imayamba ndi zojambula zambirimbiri za papepala, kenaka akatswiriwo amaumba njinga yathunthu ndi dongo lapadera, kulipala ndi kuliwonjezera monga achitira woumba mbiya, mpaka injiniya ndi wojambula atagwirizana. Kawirikawiri sagwirizana msanga, chifukwa malo amene wojambula akufuna kuti pakhale mzere wosalala ndi omwewo amene injiniya akufuna kuikapo batire.

A Ekuan sanalowe ntchito imeneyi kudzera pa khomo la akatswiri a makina. Anabadwira ku Tokyo pa 11 September 1929, ndipo ubwana wawo wina anaukhalira ku Hawaii, kumene bambo awo ankatumikira ngati wansembe wa Chibuda. Pamene bomba la atomu linaponyedwa pa Hiroshima pa 6 August 1945, iwo anali mnyamata wosakwana zaka 16 ndipo sanali mumzindamo, koma mlongo wawo anafa ndi bombalo, ndipo bambo awo, amene ankayang'anira kachisi mumzindawo, anamwalira patangopita chaka chimodzi ndi matenda obwera ndi cheza choopsa cha bombalo. Mnyamatayo atafika ku Hiroshima anapeza bwinja lokhalokha. Atakalamba ankakonda kufotokoza kuti chimene chinawakhudza pambali pa imfa za anthu chinali kuona njinga zopindika, magalimoto opserera ndi sitima za m'misewu zitagubuduzika, ndipo ankati zinali ngati akumva zinthuzo zikudandaula kuti zinkafuna zikanagwirabe ntchito. Mwambo unkafuna kuti mwana alowe m'malo mwa bambo ake pa kachisi, ndipo iwo anaphunziradi unsembe ku Kyoto, koma mtima wawo unali utapita kale kwina. Analowa sukulu ya ukachenjede ya zaluso ku Tokyo n'kumaliza mu 1955, kenaka anakaphunzira kwa kanthawi ku Art Center mumzinda wa Los Angeles.

Chiphunzitso chimene anachoka nacho pa bwinja la Hiroshima ndicho chinayendetsa moyo wawo wonse. Ankagwiritsa ntchito mawu a Chijapani akuti dogu, amene tingawamasulire kuti zida kapena ziwiya, ndipo ankaphunzitsa kuti chiwiya chimabadwa, chimagwira ntchito, chimakalamba ndipo chimafa monga munthu, choncho wochipanga ndi wochigwiritsa ntchito ayenera kuchilemekeza. Amene anakulira pakhomo pamene mpini wa khasu la agogo sugwiridwa ndi aliyense, kapena pamene mtondo wakale wong'ambika sutayidwa msanga, sangavutike kumva zimene ankatanthauza. Msonkhano waukulu wa bungwe la akatswiri a dizayini a padziko lonse la ICSID umene unachitikira ku Kyoto mu 1973, womwe iwo anali pakati pa oukonza, unali ndi mutu wokhudza mzimu ndi zinthu zogwirika, ndipo mu 1975 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwelo.

Kabotolo ka Kikkoman kamaonetsa bwino mmene chiphunzitsochi chinkagwirira ntchito. Kale msuzi wa soya unkagulitsidwa m'mabotolo aakulu a malita pafupifupi 2, ndipo amayi ankavutika kuutsanulira m'tiziwiya ta patebulo timene tinkadontha nthawi zonse n'kusiya zizindikiro zakuda pansalu. A Ekuan ndi anzawo anatha zaka zitatu akuyesa mitundu pafupifupi 100 asanapeze yankho. Kabotoloko ndi kotambalala pansi kuti kasagwe, kowonda pakhosi kuti zala zitatu zikagwire bwino, kagalasi loonekera kuti munthu adziwe zotsalamo asanakanyamule. Chinsinsi chachikulu chili pakamwa pake: kamlomo kothirira kanadulidwa mopendekera m'kati, kotero kuti dontho lomaliza limabwerera m'botolo m'malo motsetserekera panja. Kampaniyo yagulitsa mabotolo oposa 300 miliyoni a mtunduwu, ndipo limodzi limasungidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ya Museum of Modern Art ku New York. Apa palibe wotsutsa kuti dzanja la a Ekuan linagwirapo.

Nkhani ya njinga zamoto inayenda mosiyana, ndipo inayamba iwo asanamalize n'komwe sukulu. Mu 1952 ophunzira angapo, a Ekuan ali pakati pawo, anapanga gulu motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo Iwataro Koike, n'kulitcha GK, kufupikitsa mawu otanthauza gulu la Koike. Dzina limeneli ndi lofunika kulisunga m'mutu, chifukwa likuonetsa kuti kuyambira pachiyambi ntchito inkatuluka m'dzina la gulu, ndipo ngakhale pamene linasanduka kampani mu 1957 a Ekuan ali patsogolo, sanalisinthe kuti litchule iwo. Nthawi yomweyo kampani ya Nippon Gakki ya ku Hamamatsu, imene inkadziwika ndi malimba ndi mapiyano a dzina la Yamaha, inali ndi makina amene pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankapangira mapulopela a ndege ndipo tsopano ankangokhala. Mkulu wa kampaniyo, Genichi Kawakami, anaganiza zowagwiritsa ntchito popanga njinga zamoto, ndipo pa za maonekedwe anaitana anyamata a GK.

Njinga yoyamba, YA-1, inatuluka mu 1955, chaka chomwe kampani ya Yamaha Motor inakhazikitsidwa payokha. Tikanena mosabisa, inali yokopera. Injini ndi kamangidwe kake zinatengedwa ku DKW RT125 ya ku Germany, njinga imene nkhondo itatha aliyense ankaikopera mwaufulu: Angelezi anapanga BSA Bantam, Harley-Davidson ya ku America inapanga yake ya 125cc, ndipo Soviet Union nayo inali ndi yake. Chimene chinasiyanitsa YA-1 ndi zinzake zonsezi chinali kumalizidwa kwake. Pa nthawi imene pafupifupi njinga iliyonse ku Japan inali yakuda ndipo inkaonedwa ngati bulu wonyamulira katundu, YA-1 inatuluka yowonda, yofiirira ndi yoyererako m'mbali mwa thanki, ili ndi chizindikiro cha kachitsulo ka mphanda kochunira piyano, ndipo anthu anaipatsa dzina lakuti Akatombo, kutanthauza tombolombo wofiira. Inali yodula kuposa zinzake, koma itapambana mpikisano wokwera phiri la Fuji mu July 1955, kenaka n'kutenga malo atatu oyamba pa mpikisano wa ku Asama chaka chomwecho, ogula anasiya kudandaula za mtengo.

Kukopera kunali chitonzo chachikulu cha katundu wa ku Japan m'zaka zimenezo, mofanana ndi mmene anthu amanyozera katundu wa maiko ena masiku ano, ndipo boma la Japan linafika poyambitsa chizindikiro cha G Mark mu 1957 kuti lilimbikitse makampani kupanga zawozawo. Chaka chomwecho Yamaha inatulutsa YD-1 ya 250cc. Poyamba cholinga chinali chotengera njinga ina ya ku Germany yotchedwa Adler, koma mainjiniya ndi anyamata a GK anakakamira kuti maonekedwe akhale awoawo, ndipo inatuluka ndi thanki yotukuka imene Ajapani ankaifanizira ndi ketulo yofulira tiyi. Kuyambira pamenepo ubale wa makampani awiriwa unakhazikika m'njira yachilendo. Honda inkadalira akatswiri a m'nyumba mwake, Suzuki pofuna kudzidzimutsa msika inapita kwa Hans Muth ndi anzake a ku Germany amene anajambula Katana ya 1981, koma Yamaha kwa zaka makumi ambiri inapereka maonekedwe a njinga zake zambiri kwa kampani yakunja imodzi yomweyi, mpaka nthambi ya GK yoona za njinga zamoto inadzakhala kampani payokha yotchedwa GK Dynamics.

M'nyumba imeneyi ndi mmene munadutsa njinga zimene okonda Yamaha amazitchula ndi ulemu. DT-1 ya 1968, ya 250cc, inatsegula msika watsopano wa njinga zoyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, zazitali miyendo, zowonda m'chiuno, za ekizozi yokwezedwa m'mwamba kuti isagunde miyala. SR400 ya 1978 inali ya silinda imodzi, yolizidwa ndi kiki basi, popanda batani la sitata, ndipo inagulitsidwa ku Japan mpaka 2021 maonekedwe ake asanasinthe kwenikweni, zaka 43 zathunthu. Aliyense amene anaonapo mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo akudutsa pa msewu wafumbi kwathu kuno atakwera DT125, madigadi akutsogolo atatalikirana ndi tayala, waona mdzukulu wa DT-1 ija, ngakhale kuti wokwerayo dzina la GK sanalimvepo. Ndikuona kuti SR400 ndi DT ndizo zimafanana kwambiri ndi kabotolo ka soya kaja, chifukwa ndi zida zosadzitukumula zimene zinapeza maonekedwe ake kamodzi n'kukhala nawo. N'zodabwitsa kuti dzina la a Ekuan linakakamira pa njinga imene ikuoneka ngati ikutsutsa zonsezi.

VMAX inabadwira msika wa ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan ankalimbirana ogula a kumeneko amene ankakonda njinga zokhala mowongoka ngati za Harley-Davidson koma zothamanga kwambiri, ndipo Honda inali itatsogola ndi V65 Magna. Mtsogoleri wa gulu la mainjiniya a Yamaha, Akira Araki, anafotokozapo kuti ganizo linamubwerera ataona achinyamata a ku America akupikisana awiriawiri pa mlatho wa pa mtsinje wa Mississippi, kuchoka tsidya lino kukafika tsidya linalo, popanda kukhota kulikonse. Pa mpikisano woterewu chofunika ndi chimodzi chokha, kunyamuka mwamphamvu, ndipo njinga yonse inamangidwa mozungulira chimenecho. Gululo linakagwirira ntchito ku ofesi ya GK ya ku California, ndipo amene anajambula maonekedwe ake anali Atsushi Ichijo, katswiri wa GK, mothandizana ndi Ed Burke wa Yamaha ya ku America ndi John Reed, mmisiri wa ku England wokonza njinga zapadera.

Injini anaitenga ku Yamaha Venture, njinga yaikulu yoyendera maulendo ataliatali. Inali ya masilinda anayi oikidwa mwa mawonekedwe a chilembo cha V, ya 1,198cc, yoziziritsidwa ndi madzi, ndipo mphamvu inkafika ku tayala lakumbuyo kudzera pa shafti m'malo mwa tcheni. Mainjiniya anaionjezera chida chimene anachitcha V-Boost, chomwe ndicho chinapatsa njingayi mbiri. Silinda iliyonse inali ndi kabuleta yake, chida chosakaniza mafuta ndi mpweya, koma pakati pa mapaipi a masilinda oyandikana anaikapo kanjira kokhala ndi kachitseko. Injini ikamayenda pang'onopang'ono kachitsekoko kamakhala kotseka, koma ikafika pozungulira maulendo pafupifupi 6,000 pa mphindi kamayamba kutseguka, ndipo silinda iliyonse imayamba kukoka mafuta ndi mpweya kuchokera ku makabuleta awiri nthawi imodzi. Wokwera amamva ngati wina wamukankha kumsana mwadzidzidzi pamene amaganiza kuti njinga yafika kale pa mphamvu zake zonse. Kampaniyo inkati injiniyo imatulutsa mphamvu ya mahosipawa 145, chiwerengero chimene mu 1985 chinali choopsa, ndipo magazini ya Cycle Guide inaisankha kukhala njinga yopambana ya chaka chimenecho.

Munthu akaima pafupi ndi VMAX yoyambayo, maso amayamba kugwa pa injini, ndipo zimenezi zinachita kukonzedwa dala. Palibe pulasitiki yoiphimba, masilinda aima poyera ngati mapewa a munthu wonyamula zitsulo, ndipo zina zonse, nyali yaing'ono yakutsogolo, chishalo chotsika, tayala lonenepa lakumbuyo, zikuoneka ngati zinangobwera kudzaperekeza. Koma wofuna kuthira petulo koyamba amasokonezeka, chifukwa chimene chikuoneka ngati thanki kutsogolo kwa wokwera chilibe potsegulira. Ndi chivindikiro chabe, ndipo pansi pake pali bokosi la sefa ya mpweya. Thanki yeniyeni, ya malita 15 okha, ili pansi pa chishalo, ndipo kuti uipeze umakoka kachitsulo n'kutukula kachigawo kapakati ka chishalocho. Uku sikunali kunyenga maso kokha, chifukwa kuika mafuta pansi kumatsitsa kulemera kwa njinga ndipo kumasiya malo oti mpweya utsike molunjika m'makabuleta. Zina ndi zija zimakamwa ziwiri zowala za m'mbali mwa chivindikirocho, zooneka ngati zikumeza mphepo kuti idyetse injini, zimene ndizo chizindikiro chachikulu cha VMAX. Pa njinga yoyambayo sizinkalowetsa mpweya uliwonse. Zinali zokongoletsa basi.

Apa ndi pamene okonda njinga amagawanika. Ena amati wophunzira wa chiphunzitso cholemekeza ziwiya sakanayenera kulola bodza lotere, chifukwa pa kabotolo ka soya palibe mzere ngakhale umodzi wopanda ntchito. Ena amayankha kuti a Ekuan sanaphunzitsepo kuti chiwiya chizikhala chosakongola kapena chamanyazi, koma kuti chizikhala ndi mtima wake umene munthu angauzindikire, ndipo mtima wa VMAX ndi mphamvu yosabisika, imene zimakamwazo zimaiuza munthu injini isanalire. Ine ndili pakatikati koma ndapendekera kwa oyambawo: zimakamwazo ndi kabodza, ngakhale kali kabodza kokoma, ndipo Yamaha yomwe inaoneka kuti ikudziwa, chifukwa pa VMAX yachiwiri ya 2009 inazipanga kuti zizilowetsadi mpweya. Zofooka zina zinali zosabisika. Fulemu inali yofewa poyerekeza ndi mphamvu ya injini, njingayo inkagwedezeka ikamakhota mothamanga, mabuleki a zaka zoyambirira ankachepa mphamvu mpaka anawakonza mu 1993, ndipo thanki yaing'ono ija inkachititsa kuti ulendo wautali ukhale wongoimaima pa malo omwetsera mafuta. Eni ake amazidziwa zonsezi ndipo amazifotokoza moseka, ngati mmene munthu amafotokozera khalidwe la malume ake ovuta koma okondedwa.

Umboni woti maonekedwe ndiwo ananyamula njingayi unachokera ku France. Dziko limenelo linali ndi lamulo loletsa njinga zamoto kupitirira mahosipawa 100, choncho VMAX imene Jean-Claude Olivier wa kampani ya Sonauto analimbikira kuti ilowe ku Ulaya mu 1986 inafika yopanda V-Boost, ndiye kuti itachotsedwa chida chomwe chinaitchukitsa ku America. Ngakhale zinali choncho, Afalansa anaigula kwambiri ndipo dzikolo linakhala limodzi la misika yake yaikulu. Anthu amenewa ankagula kaimidwe kake, ndipo kaimidweko sikanafune kusinthidwa kwa zaka zoposa 20, pakuti VMAX yoyamba inapangidwa mpaka 2007 ikuoneka pafupifupi chimodzimodzi ndi ya 1985. Mu 1998, pamene nyumba ya zaluso ya Guggenheim ku New York inachita chionetsero chachikulu cha njinga zamoto monga ntchito zaluso, VMAX inali pakati pa zosankhidwa.

Tsono ngati pensulo inali m'manja mwa Atsushi Ichijo, n'chifukwa chiyani dzina limene anthu amakumbukira ndi la a Ekuan? Chifukwa china n'chapafupi: atolankhani olemba za imfa yawo anatenga mndandanda wa ntchito za GK, momwe muli kabotolo ka soya, VMAX, sitima yothamanga ya Komachi ya 1997 ndi sitima yopita ku bwalo la ndege ya Narita Express, n'kuzilemba zonse m'dzina la mwini kampani. Chifukwa china n'chakuti okonda njinga zamoto anazolowera mwambo wa ku Italy, kumene njinga imakhala ndi tate wake wodziwika. Massimo Tamburini, amene anamwalira mu April 2014, miyezi khumi a Ekuan asanamwalire, amatchulidwa limodzi ndi Ducati 916 ndi MV Agusta F4, ndipo Miguel Galluzzi amatchulidwa limodzi ndi Ducati Monster. Ku Japan mwambo ndi wina, chifukwa ntchito ndi ya kampani ndipo wojambula amabisala kumbuyo kwa chizindikiro. Okwera njinga a kunja atafuna munthu woti amuthokoze, anapeza nkhope imodzi yodziwika ya GK, ya nkhalamba yoyankhula modekha ngati wansembe, ndipo anaikwatitsa ndi njinga yaukali koposa m'ndandandawo chifukwa kusiyanako kumakometsa nkhani.

Komabe sindikuona kuti ulemuwo unasochera kotheratu. M'mudzi, nkhokwe ikamangidwa bwino anthu amatama mwini khomo ngakhale kuti oluka anali ana ake, chifukwa ndiye anawaphunzitsa kusankha nsungwi. A Ekuan anamanga malo amene mnyamata ngati Ichijo akanatha kukhala pa tebulo limodzi ndi mainjiniya a kampani yaikulu n'kumvedwa, chinthu chimene mu 1952 kunalibe ku Japan, pamene wojambula ankaitanidwa komaliza kudzasankha utoto. Anasunga ubale ndi Yamaha kwa zaka 60 osalola kuti GK imezedwe, ndipo kukhala panja kumeneku kunkapatsa akatswiri ake ufulu wotsutsa. Anatsegulanso ofesi ku America kuti ojambula ake aziona okha mmene anthu a kumeneko amakwerera njinga m'malo momangomva malipoti, ndipo popanda ofesi imeneyo VMAX ikanatuluka ina. M'buku lawo lina lodziwika anafanizira luso la Chijapani ndi kabokosi ka chakudya chamasana kotchedwa makunouchi, mmene zakudya zambiri zosiyana zimalongedzedwa m'malo ochepa chilichonse chili pa malo ake, ndipo makaniko aliyense amene anayesapo kulowetsa dzanja pakati pa makabuleta anayi a VMAX angavomereze kuti fanizoli likukwanira, ngakhale angalinene ndi mawu ena osalembeka.

Mu 2014, chaka chimodzi asanamwalire, a Ekuan analandira mphotho ya Compasso d'Oro ya ku Italy chifukwa cha ntchito ya moyo wawo wonse, mphotho yochokera ku dziko lomwe lija limene limakonda kutchula tate wa chinthu chilichonse. VMAX yachiwiri, ya 1,679cc ndi mahosipawa pafupifupi 200, yokhala ndi fulemu ya aluminiyamu imene inathetsa kugwedezeka kuja, inapitirira kugulitsidwa iwo atapita, mpaka Yamaha inasiya kuipanga mu 2020. Zimene zatsala zili m'manja mwa eni ake, amene amasakasaka zipangizo zakale, amaphunzitsana kuchuna makabuleta anayi kuti azikoka mofanana, ndipo amamvetsera kaphokoso kakang'ono kamene kamota ka V-Boost kamachita kiyi akangotembenuzidwa, potsegula ndi kutseka tizitseko tija kamodzi injini isanalire, kuti adziwe ngati chidacho chikadali moyo.